Injiniya waluso tisamamuthokoze pomulanda sipanala

Pali chizolowezi china m'makampani ndi m'maofesi a boma chimene timachiombera m'manja pomwe chikutipweteka. Injiniya akaonetsa luso, akamadzutsa makina amene anzake awalephera, mlatho umene adajambula ukapirira madzi osefukira, timati munthuyu ayenera kuthokozedwa. Ndiye timamuthokoza bwanji? Timamuvula ovololo n'kumupatsa ofesi, galimoto ndi mulu wa mafayilo. Kuyambira tsiku limenelo ntchito yake ndi kusainira anthu tchuthi, kuvomereza mafuta a galimoto, kuweruza milandu ya ojomba, ndi kukhala m'misonkhano kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Timati wakwezedwa. Ine ndikuti nthawi zambiri tamuchotsa pa ntchito imene amaidziwa n'kumulemba ina imene sadaiphunzire, ndipo tataya kawiri: kumakina kwachoka katswiri, muofesi mwalowa wongoyamba kumene.

Amene amavomera mpandowo sindikuwadzudzula. Munthu ali ndi ana ofunika fizi, ali ndi makolo kumudzi, nyumba imene akumanga idaima pamawindo. Njira yopita ku malipiro abwino ndi imodzi yokha, ndipo imadzera muofesi. Akakana, anzake amene adamaliza nawo sukulu amupitirira, abale ayamba kunong'onezana kuti mwina adalakwira mabwana. Mlandu uli ndi amene adakonza zinthu mwanjira yoti munthu asankhe pakati pa ntchito imene amaikonda ndi tsogolo la ana ake.

Ena aona ngati iyi ndi nkhani yaing'ono, yongoyenera ofesi yoona za antchito. Kuti tione kukula kwake, tiyeni tipite ku America, usiku wa pa 27 Januwale 1986.

Usiku umenewo mainjiniya ndi mabwana a kampani ya Morton Thiokol ku Utah adali pa msonkhano wa palamya ndi akuluakulu a NASA, bungwe loona za maulendo a m'mlengalenga, a ku Huntsville, Alabama, ndi a ku Kennedy Space Center ku Florida. Mawa lake chombo cha Challenger chinkayenera kunyamuka kupita m'mlengalenga. Thiokol ndiyo inkapanga maroketi awiri aataliatali okankha chombocho ponyamuka. Maroketiwo ankapangidwa zigawozigawo, ndipo molumikizira mwake ankaikamo mphete za mphira zotchedwa O-ring kuti mpweya wamoto usatulukire m'mbali. Vuto la mphira ndi loti kukazizira imauma, siichita changu kutseka mpata. Injiniya Roger Boisjoly adali ataziona ndi maso ake. Chombo china chidanyamuka mu Januwale 1985 mphetezo zili pa madigiri pafupifupi 12 Celsius, ndipo maroketi ake atawavuula m'nyanja, iye adapeza mwaye wakuda kuseri kwa mphete yoyamba, umboni woti moto udadutsa. Mu Julaye chaka chomwecho adalembera bwana wake, Bob Lund, kalata yochenjeza kuti akapanda kukonza vutolo kudzachitika ngozi yotayitsa miyoyo. Tsopano azanyengo ankalosera kuti usikuwo ku Florida kuzizira mpaka madzi kuundana.

Poyamba Lund, amene adali mkulu woona za uinjiniya pakampanipo, komanso injiniya iye mwini, adaima ndi anthu ake: chombo chisanyamuke ngati mphetezo zazizira kuposa mmene zidazizirira chaka chapitacho. A NASA sadakondwe. Mmodzi mwa iwo, Lawrence Mulloy, adafunsa mokalipa ngati Thiokol ikufuna kuti adikire mpaka Epulo. A Thiokol adapempha mphindi 5 zoti akambirane paokha. Mphindizo zidasanduka theka la ola.

M'chipindamo Jerald Mason, wamkulu pa onse, adati pamene zafikapa pakufunika chigamulo cha mabwana. Injiniya Arnie Thompson adadzuka, n'kukaika pepala patsogolo pa mabwanawo, nayamba kujambula molumikizira muja kuti aone mmene mpata umatsegukira. Ataona kuti nkhope zawo sizikusintha, adatola pepala lake n'kubwerera pampando. Boisjoly adatenga zithunzi za mwaye uja n'kuziyala patebulo, nawachonderera kuti aziyang'anitsitse. Nayenso adabwerera pampando wake. Mabwana atatu adagwirizana kuti chombo chinyamuke. Lund yekha ndiye ankazengereza. Apa ndi pamene Mason adamuuza kuti avule chipewa cha uinjiniya, avale cha ubwana. Lund adavomera. Mainjiniya aja sadawerengedwe pachigamulocho. Joe Kilminster, mmodzi mwa mabwanawo, adasaina chikalata chouza NASA kuti zonse zili bwino.

M'mawa wa pa 28 Januwale, patangotha masekondi 73 chinyamukire, Challenger idasweka m'mwamba anthu akuonerera pa wailesi yakanema. Pakati pa oonererawo padali ana asukulu amene ankatsatira ulendo wa mphunzitsi Christa McAuliffe. Anthu onse 7 amene adali m'chombomo adafa.

Chimene chimandisowetsa mtendere pa nkhaniyi ndi chakuti Lund sadali mbuli, ndipo palibe umboni woti adali munthu woipa mtima. Mphetezo ankazidziwa. Ola limodzi m'mbuyomo adali atanena zoona. Pa theka la ola lija palibe nambala yatsopano imene idalowa m'chipindamo: nyengo sidasinthe, mphira sidasinthe. Chidasintha ndi funso. Iye mwini adauza komiti yofufuza ngoziyo, yotsogozedwa ndi William Rogers, kuti adapezeka akuyesetsa kupereka umboni woti roketi ilephera, pomwe kale lonse udindo wawo udali kupereka umboni woti siilephera. Funso loyamba ndi la munthu amene akuopa kukhumudwitsa kasitomala. Lachiwiri ndi la munthu amene akuopa chitsulo ndi moto. Mpando umasintha chimene munthu amachiopa, ndipo umamusintha mwakachetechete, mwini wake osazindikira. NASA nayonso sidaphunzire mokwanira: mu 2003 mainjiniya adapempha kuti phiko la chombo cha Columbia lijambulidwe chikadali m'mlengalenga, akuluakulu sadalitsatire pempholo, ndipo pa 1 Febuluwale anthu enanso 7 adafa chombocho chikubwerera.

Wina anena kuti ngati zili choncho ndiye mainjiniya azikhala kumakina, maofesi tiwasiyire owerengera ndalama ndi ophunzira za utsogoleri. Ayi. Kumeneko ndi kuthawa mvula n'kukagwera m'dziwe. Gulu la mainjiniya limafunika woliyang'anira, ndipo amene adayesa kukhala popanda woyang'anira adabwerera msanga. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 eni ake a Google adachotsa mamanejala a mainjiniya poganiza kuti amangochedwetsa ntchito. Sipadapite miyezi yambiri, anthu adayamba kukhamukira kwa Larry Page, mmodzi mwa eni akewo, ndi nkhani za ndalama zoyendera ndi mikangano ya pakati pawo, mamanejala n'kubwezeretsedwa. Kafukufuku wa Amanda Goodall ndi anzake adaonetsanso kuti antchito amakhutira kwambiri ndi ntchito yawo pamene bwana wawo amaidziwa ntchitoyo, moti atafuna angathe kuigwira yekha. Aliyense amene adayesapo kufotokozera bwana wosadziwa magetsi chifukwa chimene thiransifoma singadikire bajeti ya chaka chamawa akudziwa kuwawa kwake. Choncho mainjiniya ena ayenera kulowa muofesi. Chimene ndikukana ndi choti onse aluso azikankhidwira kumeneko, popanda kufunsidwa ngati ali ndi mtima wosamala anthu, popanda kuphunzitsidwa, ndipo akafikako aziuzidwa kuti zimene ankadziwa zija azisiye pakhomo.

Tisadzinamizenso kuti digiri ya uinjiniya payokha imateteza bwana. Kampani ya Boeing ndi umboni wowawa. Phil Condit, amene adatsogolera ntchito yopanga ndege ya 777, adali injiniya weniweni. Ali mkulu wa kampaniyo, Boeing idaphatikizana ndi kampani inzake ya ndege ya McDonnell Douglas mu 1997, mainjiniya ake adanyanyala ntchito masiku 40 mu 2000, ndipo mu 2001 likulu lidasamuka ku Seattle, dera limene ndegezo zimapangidwira, kupita ku Chicago, mtunda wa makilomita pafupifupi 2,800. Dennis Muilenburg, amene adatenga mpandowo mu 2015, nayenso adali injiniya, ndipo adalowa pakampanipo mu 1985 akadali wophunzira. Ndi pa nthawi yake pamene ndege ya 737 MAX idayamba kunyamula anthu ili ndi pulogalamu yotchedwa MCAS, imene inkaweramitsa mphuno ya ndege podalira kachipangizo koyezera kamodzi kokha, oyendetsa ndege osauzidwa bwino za pulogalamuyo. Pa 29 Okutobala 2018 ndege ya Lion Air idagwera m'nyanja ku Indonesia, anthu 189 n'kufa. Pa 10 Malichi 2019 ya Ethiopian Airlines yochoka ku Addis Ababa kupita ku Nairobi idagwa patangotha mphindi 6, anthu 157 n'kufa. Komiti ya aphungu a ku America imene idafufuza nkhaniyi idanena mu Seputembala 2020 kuti mpikisano ndi kampani ya ndege ya Airbus, kufuna kuchepetsa ndalama ndi kuthamangira nthawi zidaposa machenjezo a ogwira ntchito. Pamwamba padali injiniya, koma mawu a mainjiniya a pansi sankafika ndi mphamvu yake.

Mmene mawuwo amafookera panjira ndi chinthu chimene aliyense wogwira ntchito pafakitale kapena pa saiti amachidziwa. Chaka choyamba bwana watsopano amapitabe kumakina, nsapato zake zimakhala ndi matope. Chaka chachiwiri amapitako kukabwera alendo. Pakapita zaka zingapo ntchito amaidziwira m'malipoti, ndipo lipoti limafika patebulo pake litasefedwa kale ndi anthu angapo, aliyense wosafuna kukhumudwitsa womuposa. Foromani amauza injiniya wamng'ono kuti, "Bwana, beringi iyi ikulira moipa, siifika Disembala." Injiniya wamng'onoyo amalemba kuti beringi ikufunika kuiyang'anitsitsa. Mkulu wa nthambi amalemba kuti makina akuyenda bwino kupatula tina ndi tina. Palibe amene wanama, koma Disembala uja wasowa. Bwana amene zaka zapitazo akadangoika dzanja pachitsulo n'kumva kunjenjemera kwake, lero wasainira kuti ndalama za beringi zipite kwina. Ndipo choopsa n'chakuti amasaina molimba mtima, chifukwa amadziwerengerabe ngati munthu wodziwa makinawo, pomwe makina amene ali m'mutu mwake ndi a kale, asanasinthidwe, asanakalambe.

Kumbali ina, ntchito yatsopanoyo nayo imamugonjetsa. Kuyang'anira anthu ndi luso palokha. Pamafunika kudziwa kuuza munthu wamkulu kuposa iwe kuti ntchito yake siili bwino popanda kumunyoza, kumvetsera wantchito amene zinthu zavuta kunyumba, kugawa ntchito n'kulola wina aigwire mwanjira yake ngakhale iwe ukadaigwira msanga, kulimbana ndi bodi kuti ipereke ndalama zokonzera zinthu zimene sizidawonongeke. Zimenezi siziphunzitsidwa m'kalasi la masamu. Laurence Peter adalemba kale mu 1969 kuti m'mabungwe munthu amakwezedwa chifukwa chochita bwino pamene ali, mpaka amafika pa udindo umene sangauthe, n'kukhazikika pomwepo. Injiniya amene wakankhidwira muofesi mosafuna amathawira ku zimene amadziwa: amalanda ntchito za antchito ake, amakonza yekha pulani iliyonse usiku, achinyamata osaphunzira kanthu, pomwe nkhani za anthu zikuwolera mufayilo. Kumudzi timadziwa bwino kuti woimba ng'oma waluso sitimulonga ufumu chifukwa cha manja ake. Ng'oma ndi bwalo la milandu n'zosiyana, ndipo aliyense amalandira ulemu wake pamalo pake. N'chifukwa chiyani nzeru yomweyi imatithawa tikalowa m'bodi ya kampani?

Njira ina ilipo, ndipo si yachilendo. Kampani ya IBM idayamba kupereka udindo wa IBM Fellow mu 1963, ulemu wapamwamba kwambiri kwa katswiri amene amapatsidwa ufulu wopitiriza ntchito yake ya luso popanda kusanduka woyang'anira anthu. Seymour Cray, amene adapanga makompyuta othamanga kwambiri a nthawi yake, adatula pansi udindo woyendetsa kampani imene adayambitsa iye mwini kuti abwerere kukajambula makina. Steve Wozniak adazengereza kusiya ntchito ku Hewlett-Packard kuti alowe kwathunthu mu Apple mpaka atatsimikiziridwa kuti akhoza kukhalabe injiniya osasanduka bwana. Makampani ambiri a zamakono lero ali ndi njira ziwiri zoyendera limodzi, ina ya oyang'anira anthu, ina ya akatswiri, magiredi ndi malipiro ake ofanana.

Koma ndichenjeze, chifukwa njira yachiwiriyi imatha kukhala yachiphamaso. Kumupatsa munthu dzina lalitali la katswiri wamkulu koma osamuitana pamene bajeti ikukambidwa ndi kumupusitsa. Boisjoly ndi Thompson adali akatswiri odziwika pa mphete zija, ndipo adaloledwa kulankhula. Chimene adalibe ndi mphamvu yoletsa. Njira ya akatswiri imakhala yeniyeni pokhapokha ngati malipiro ake akufika pa a dayilekitala, ndipo ngati pa nkhani ya chitetezo cha anthu "ayi" wa katswiriyo sangafafanizidwe ndi mabwana atakhala paokha m'chipinda. Bwana amene akufuna kupitirira chenjezo la injiniya alembe chifukwa chake, asaine dzina lake, ndipo chikalatacho chifike kubodi pamodzi ndi chenjezolo monga momwe lidalembedwera. Ambiri amene amalimba mtima pakamwa amabwerera m'mbuyo akauzidwa kuti alembe.

Kwathu kuno nkhaniyi ikutikhudza kwambiri kuposa mayiko amene ndatchulawa, chifukwa mainjiniya athu ndi ochepa ndipo makina athu ambiri ndi okalamba. Siteshoni ya magetsi ya Nkula A pa mtsinje wa Shire idayamba kugwira ntchito mu 1966. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo aliyense adalawa mdima wake. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 adakokolola misewu ndi milatho m'chigawo cha kummwera. Ntchito zotere zimafuna anthu amene akhala zaka zambiri akugwira konkire, madzi ndi mawaya, odziwa mmene dothi la malo akutiakuti limachitira mvula ikagwa sabata yathunthu. Ku America katswiri mmodzi akalowa muofesi, kumbuyo kwake kuli ena mazanamazana. Kuno akalowa muofesi, nthawi zina ndiye kuti nthambi yonse yatsala ndi achinyamata ongochoka kumene ku MUBAS kapena ku MUST, anzeru ndithu ndi akhama, koma opanda wamkulu wowaimirira pambali n'kuwauza kuti apa musakumbe chonchi. Injiniya sakhwimira m'kalasi, amakhwimira pambali pa mnzake wamkulu. Tikamaliza kusandutsa akuluakulu onse kukhala osaina mafayilo, timatembenuka n'kukaitana akatswiri akunja, kuwalipira ndalama zakunja zimene tilibe, kuti adzatiuze zimene munthu wathu wokhala muofesi yapamwamba ankazidziwa kale.

N'chifukwa chake ndikupempha nthambi yoona za antchito m'boma, mabodi a makampani a boma ndi bungwe la Malawi Engineering Institution kuti akhale pansi pa nkhani ya magiredi. Pakhale injiniya amene angafike pa malipiro ndi ulemu wa dayilekitala akadali kujambula mapulani, kuyendera ntchito ndi kuphunzitsa achinyamata. Amene wasankha ofesi aphunzitsidwe kaye kuyang'anira anthu, monga momwe sitilolera munthu kukwera pholo la magetsi asanaphunzire. Ndipo amene walawa ofesi n'kuona kuti si yake aloledwe kubwerera kumakina popanda kudulidwa malipiro kapena kuonedwa ngati wagwa. Panopa kubwerera kotere timakuyesa chilango, choncho anthu amakakamira mipando imene ikuwadwalitsa mpaka kupuma pantchito.

Kwa inu amene mudakwera kale, pempho langa ndi limodzi. Wachinyamata akabwera ndi pepala lake n'kunena kuti, "Bwana, apa sipali bwino," musayambe ndi kumufunsa ngati ali ndi umboni woti zigwa. Dzifunseni ngati inuyo muli ndi umboni woti sizigwa. Mudakwezedwa chifukwa mumadziwa kusiyana kwa mafunso awiriwa, ndipo phindu lanu lonse pampandopo lagona pomwepo. Mukasiya kufunsa funso lachiwirilo, kampani ikadachita bwino kungolemba munthu wina aliyense wodziwa kuyendetsa msonkhano.

Kuti n'zotheka kukhala bwana osataya maso a injiniya, umboni wake udaliponso usiku womwe uja wa Challenger. Allan McDonald adali mkulu wa ntchito ya maroketiwo ku Thiokol, injiniya amene adakwera n'kukhala woyang'anira, ndipo ndiye ankaimira kampaniyo ku Florida. Atamva kuti anzake ku Utah asintha maganizo, adakana kusaina chikalata chovomereza ulendowo, n'kupitiriza kutsutsa ngakhale msonkhano utatha. Ngozi itachitika, ndiye adadzuka pamaso pa komiti ya Rogers n'kuulula kuti Thiokol poyamba idakana kuti chombo chinyamuke. Kampani idamuchotsa pa udindo wake n'kumukankhira pambali. Boisjoly naye anzake adayamba kumusala, ndipo adachoka pakampanipo. Zidatengera aphungu a nyumba ya malamulo kuopseza kuti Thiokol isadzapatsidwenso ntchito za NASA kuti McDonald abwezeretsedwe, n'kupatsidwa udindo wotsogolera kukonzanso molumikizira muja. Maulendo adayambiranso mu Seputembala 1988, ndipo pa maulendo 110 amene adatsatira mpaka mu 2011, palibe chombo china chimene chidatayika chifukwa cha maroketi amenewo.